Mtambo Umene Unayenda Pansi

Munthu aliyense amene anakulira kumudzi amamudziwa kamvuluvulu wa m'mwezi wa Okutobala, uja amadzuka dzuwa lili paliwombo, minda itapserera, thambo lili mbee lopanda ndi kamtambo komwe, nayamba kuvina pabwalo atasenza fumbi, mapesi ndi masamba ouma, amayi ali liwiro kukaphimba ufa umene anayanika pamphasa, ana ali pambuyo pake ndi mfuwu. Akakwiya kwambiri amasasula udzu wa pankhokwe kapena kuulutsa chovala pachingwe, ndipo agogo ena amati m'kati mwake mumayenda mizimu. Koma zisanathe mphindi ziwiri amafooka, natula katundu wake yense kuseri kwa mudzi, anthu n'kubwerera ku ntchito zawo akuseka. Chifukwa chake tsono, wailesi ikalengeza kuti kamvuluvulu wapha anthu makumimakumi ku America, ambiri a ife timakayika mumtima, n'kumadzifunsa kuti kamphepo kosewera ndi ana kaja kangaphe bwanji munthu wamkulu ndi mphamvu zake. Kukayikako n'komveka, pakuti chilankhulo chathu chinapatsa dzina limodzi zilombo ziwiri, monga ngati munthu atatchula mphaka wa pakhomo ndi mkango wa m'thengo ndi dzina lomwelo poona kuti onse ali ndi ndevu ndi zikhadabo.

Chilombo chachiwiricho, chimene Azungu amachitcha tornado, sichibadwira pansi ngati mnzake wa m'chilimwe uja, koma chimatsika kumwamba, m'mimba mwa mtambo wakuda wa mabingu ndi matalala. Mpweya wofunda ndi wachinyezi ukakhala pansi, wozizira ndi wouma uli pamwamba pake, ndipo mphepo ya m'mwamba ikuthamanga kwambiri kulowera kwina kosiyana ndi ya pansi, mtambo wonse umayamba kuzungulira pang'onopang'ono ngati phala lotakasidwa mumphika waukulu. Ndipo nthawi zina kuzungulirako kumafinyana, kuchepa m'mimba mwake ndi kukula liwiro, kufikira kutalendewera ngati chitamba cha njovu n'kukhudza nthaka. Chitambacho chikakhwima, mphepo yake imatha kupitirira makilomita 300 pa ola. Tisachisokoneze ndi namondwe, monga Freddy amene anatiliza m'chigawo cha kummwera mu Malichi 2023, pakuti namondwe amabadwira panyanja yamchere, amaphimba mayiko athunthu, amaoneka masiku angapo asanafike, ndipo ambiri amawapha ndi madzi. Koma kamvuluvulu wamkuluyu njira yake ndi yopapatiza ndi yadzidzidzi, kotero kuti amatha kusesa nyumba imodzi mpaka pamaziko, ya mnansi kutsidya kwa msewu n'kuisiya makapu ali chikhalire pathebulo.

Palibe dziko limene limasauka ndi mphepo imeneyi ngati United States, kumene akamvuluvulu oposa 1,000 amawerengedwa chaka ndi chaka, ndipo chifukwa chake chagona m'mene dzikolo linaumbidwira. Pakati pake pali chigwa chachikulu chopanda phiri lopingasa, kuyambira kunyanja yofunda ya Gulf of Mexico kummwera kufikira ku chisanu cha Canada kumpoto, ndipo kumadzulo kuli mapiri a Rocky amene amatsitsa mpweya wouma; kotero mphepo zitatuzi zimakumana pabwalo popanda wozileretsa, makamaka kuyambira Malichi mpaka Juni, nyengo yozizira ikamatsazika. Bwalo la ndewuli ndi lomwelonso limene lili nkhokwe ya dziko lonselo, kochokera chimanga, tirigu, soya, nkhumba ndi ng'ombe. Mlimi wa kumeneko analandira nthaka yabwino ndi mphepo yoipa tsiku limodzi, ndipo sangatenge chimodzi n'kukana chinzake, paja walira mvula walira matope.

Kummwera kwenikweni kwa chigawo cha Illinois, pakati pa mitsinje ya Mississippi, Ohio ndi Wabash, kuli dera limene eni ake amalitcha Egypt, ndipo kuli ndithu matawuni otchedwa Cairo, Thebes ndi Karnak. Amati dzinali linadza chifukwa chaka china cha m'ma 1830, chisanu chitawononga mbewu kumpoto, anthu anatsikira kumeneko ndi ngolo zawo kukagula chimanga monga anachitira ana a Yakobo m'masiku a njala. Pofika 1925 derali linali la alimi ang'onoang'ono a chimanga, tirigu, maapozi ndi mapichesi, olima ndi akavalo ndi nyulu, ambiri a iwo opanda magetsi kapena wailesi m'nyumba zawo zamatabwa; ndipo pakati pa mindayo panali migodi ya malasha ndi njanji zolumikiza matawuni. Chuma chachikulu cha mlimi wotere, choposa ngakhale kavalo wake, chinali maso ake. Anaphunzira kwa atate wake kuwerenga thambo monga m'busa awerenga buku, ankadziwa kutentha kwa chinyezi kumene kumatsogolera mabingu oipa, ndipo koposa zonse ankachidziwa chitamba chija, kotero kuti akachiona kutali chikulendewera, ankaitana mkazi ndi ana kukatsikira m'chipinda chokumbidwa pansi mosungira mbatata ndi zipatso, kapena, ngati analibe, kukagona chafufumimba m'ngalande mpaka chitadutsa. Nzeru imeneyi inapulumutsa mabanja ambiri kwa mibadwo ingapo, ndipo sikunali kwachilendo kuti mphepo iphwasule khola ndi nkhokwe koma mwini famu n'kutuluka wamoyo.

Lachitatu pa 18 Malichi 1925, ofesi ya boma yoona zanyengo, imene masiku amenewo inkatchedwa Weather Bureau ndipo inali pansi pa unduna wa zaulimi womwewo, inalosera kuti kuderalo kudzakhala mvula ndi mphepo yamphamvu yosinthasintha. Liwu lakuti tornado silinatchulidwe, ndipo silikanatchulidwa ngakhale wolosera akanaliganizira, pakuti linali loletsedwa. Kale m'zaka za m'ma 1880 kunali msilikali wina wa nthambi yotumiza mauthenga, John Park Finley, amene anasonkhanitsa mbiri ya akamvuluvulu mazanamazana nayesa kulosera masiku amene angabwere. Koma akuluakulu ake anaona kuti mantha amene liwuli lingadzetse pakati pa anthu angaposa phindu lake, ndipo chakumapeto kwa zaka zomwezo analamula kuti lisamalembedwe m'zolosera za boma. Lamulolo linakhala zaka makumimakumi. Tsono m'mawa wa tsikulo amuna anatsikira kumigodi, ana anapita kusukulu, ndipo alimi anamanga akavalo awo, popeza inali nyengo yokonza minda, chimanga chisanabzalidwe, tirigu wa m'nyengo yozizira atangoyamba kubiriwira.

Itangokwana 1 koloko masana, mphepoyo inakhudza pansi m'mapiri a Ozark pafupi ndi Ellington m'chigawo cha Missouri, ndipo munthu woyamba kufa anali mlimi. Inalunjika kumpoto chakum'mawa, niyenda njira yowongoka ngati yoyezedwa ndi chingwe, pa liwiro la makilomita pafupifupi 100 pa ola, loposa galimoto zambiri za masiku amenewo pamisewu yafumbi. Inaphwasula tawuni ya Annapolis, inadutsa m'minda ya pafupi ndi Biehle, inawoloka Mississippi, ndipo chakuma 2:30 inagwera Gorham, tawuni yaing'ono ya m'mbali mwa njanji, imene inatsala pang'ono kufafanizika yonse. Kuchokera apo inafika ku Murphysboro, kumene anthu 234 anafa, chiwerengero chimene mpaka lero sichinaposedwe ndi kamvuluvulu aliyense m'tawuni imodzi ya dzikolo. Anafera m'nyumba, m'masukulu ndi m'malo okonzera sitima. Ndipo mbaula zamalasha zimene zinagubuduka zinayatsa moto umene unayaka usiku, nupsereza ena amene mphepo inawasiya amoyo pansi pa matabwa, madzi ozimitsira atasowa.

Ku De Soto kunafa anthu 69, ndipo 33 mwa iwo anafera pasukulu imodzi, makoma a njerwa atagwera ana amene anawalowetsa m'kati powabisa ku mvula. Ku West Frankfort amuna mazanamazana anali pansi pa nthaka mumgodi wa malasha, ndipo chimene iwo anaona n'chakuti magetsi azima ndipo chikepe chaima. Anakwera makwerero aatali a potulukira pangozi, ali kudandaula za makina, koma pofika pamwamba anapeza kuti malo amene anthu onse amawaopa, ndiwo mgodi, ndi amene anawasunga, pamene akazi ndi ana awo, amene anawasiya pamalo abwino, ndi amene anali pansi pa zigumukire. M'tawuni imeneyo munafa anthu oposa 120, ambiri a iwo amayi ndi ana. Kamudzi ka Parrish kanataya anthu 22. M'mphindi 40 zokha, kuyambira ku Gorham kufikira ku Parrish, anthu 541 anali atamwalira.

Mbiri ya tsikuli imakonda kuima pamatawuni amenewa, chifukwa ndi kumene atolankhani anafika ndi makamera awo. Koma ine mtima wanga uli pa zimene zinachitika pambuyo pake, mphepoyo itatuluka m'dera la migodi n'kulowa m'maboma a Hamilton ndi White, kumene kunalibe tawuni yaikulu pa njira yake, koma mafamu otalikirana, nyumba imodzi apa, ina kuseri kwa nkhalango. Kumeneko kunafa anthu pafupifupi 65. Poyerekeza ndi Murphysboro chiwerengerochi chingaoneke chochepa, koma amene afufuza mbiri ya mphepozi, monga Thomas Grazulis, amati chinali chodabwitsa koposa, pakuti kuti anthu ochuluka chotero afe kudera kopanda tawuni, ndiye kuti mphepo inapeza mabanja m'nyumba zawo, famu ndi famu, osathawa. Ndipo awa anali anthu aja amene maso awo sankawanamiza.

Chinawanyenga n'chiyani? Amene anapulumuka anasimba mofanana kuti chitamba sanachione. Mphepoyo inali yotakata zedi, pena kupitirira kilomita imodzi ndi theka, mtambo wake unali wotsika kwambiri, ndipo inadzikulunga m'mvula, fumbi ndi zinyalala zimene inatola m'matawuni a m'mbuyo, kotero kuti chimene chinkabwera kuchokera kumadzulo chinkaoneka ngati nkhungu yakuda yogudubuzika pansi, kapena utsi wa moto waukulu wolusa m'thengo. Mlimi amene anaimirira pakhomo pake kuyang'ana, monga anachitira kambirimbiri m'moyo wake, anafunafuna chizindikiro chimene atate wake anamuphunzitsa, ndipo posachipeza anaganiza kuti ndi mvula yamkuntho wamba, yoti munthu atseke mazenera ndi kulowetsa akavalo. Pamene anayamba kuona madenga ndi mitengo zikuuluka m'kati mwa nkhunguyo, namva mkokomo umene ambiri anaufanizira ndi sitima zingapo zoyenda pamodzi, nthawi inali itatha, pakuti chinthu choyenda makilomita 100 pa ola chimadutsa kilomita imodzi munthu asanamalize kusonkhanitsa ana ake. Akuluakulu anati tsoka silinunkha. Koma pano tsoka linaoneka ndi maso poyera, masana, litavala nkhope ya chinthu chodziwika, ndipo anthu anafa ali kuliyang'ana.

Pali chinanso chimene anthu a m'tawuni sachiganizira za imfa ya kumunda, ndicho kutalika kwa mnansi. Wovulala wa ku Murphysboro, chinkana anali m'masautso osaneneka, anali ndi anthu omumva akamabuula, ndipo sitima zinanyamula ena kupita nawo kuzipatala za m'matawuni oyandikana. Wovulala wa kufamu anagona m'matope a m'munda mwake, pena kutali ndi pamene panali nyumba yake, kavalo amene akanamunyamula atafa kapena atathawa, msewu utatsekedwa ndi mitengo yakugwa, nthambo za lamya zitaduka, mnansi amene akanabwera nayenso akufukula ana ake. Mabala a kamvuluvulu ndi oipa mwapadera, pakuti mphepo imakhomerera dothi, tizidutswa ta matabwa ndi magalasi m'kati mwa mnofu, ndipo m'masiku amenewo mankhwala amphamvu opha tizilombo anali asanatulukire. Kotero dothi la m'khola, limene limalemeretsa munda, linkabweretsa kafumbata ndi kuwola kwa mabala. Buku la Yobu limasimba za ana amene anafera m'nyumba imodzi mphepo yaikulu itaigwetsa, koma kumeneko kunatsala wantchito mmodzi wokanena uthengawo. M'mafamu ena a Hamilton ndi White anansi ndiwo anachita kukaona okha kuti kwatsala ndani.

Mphepoyo inawoloka Wabash n'kulowa m'chigawo cha Indiana, niphwasula tawuni yonse ya Griffin, nisakaza mafamu 85 m'dera la Owensville, nipha anthu 45 ku Princeton, ndipo chakuma 4:30 madzulo inatha mphamvu pafupi ndi Petersburg. Inali itayenda makilomita pafupifupi 350 m'maola atatu ndi theka. Anafa anthu 695, ndipo 613 mwa iwo anali a ku Illinois. Ovulala anaposa 2,000, nyumba zowonongeka zinali pafupifupi 15,000. Ofufuza a masiku ano, amene anayendanso njira yonseyo kufunsa okalamba ndi kuwerenga nyuzipepala zakale, amaganiza kuti mwina koyambirira ndi kothera kwa njirayo kunali akamvuluvulu ena obadwa mumtambo womwewo, koma pakati pake, pamene panafera unyinji wa anthu, chinali chilombo chimodzi. Ndipo popeza mvula ikakuona litsiro siikata, patangopita masiku ochepa mtsinje wa Wabash unasefukira, nutseka misewu yopita ku Griffin, otsala a kumeneko ali m'mahema.

Maliro akatha, wa m'tawuni amene watsala ndi manja ake amabwerera kuntchito, nalandira malipiro kumapeto kwa sabata, ngakhale akugona kwa achibale. Mlimi alibe mwayi umenewo, pakuti iye nyumba yake, ntchito yake, nkhokwe yake ndi banki yake zili pamalo amodzi, ndipo zimapita tsiku limodzi. Khola likagwa limapha akavalo olimira ndi ng'ombe zamkaka. Nkhokwe ikasasuka, chimanga cha chakudya ndi cha mbewu chimamwazika m'matope. Mipanda ikazuka, ziweto zotsala zimasochera kapena kudzicheka pa waya waminga. Nkhuku zimapezeka zitafa, zina zili zamoyo koma nthenga zitasosoka. Mtengo wa maapozi umene wazulidwa m'kamphindi umafuna zaka zingapo kuti wolowa m'malo mwake abereke. Ngakhale nthaka yeniyeniyo imasanduka mdani, pakuti mphepo imafesa m'minda misomali, magalasi, malata opindika ndi zidutswa za nyumba za anthu a m'tawuni ya kutali, zimene zimathyola pulawo, kulasa phazi la kavalo, ndi kupha ng'ombe imene yameza kachitsulo pamodzi ndi msipu. Zonsezi ziyenera kutoledwa ndi manja, mzere ndi mzere. Ndipo nyengo yobzala siidikira wamasiye, ngongole ya kubanki nayonso siilira maliro.

Thandizo linabwera, ndipo tisalichepetse. Sitima zonyamula madokotala, anamwino ndi mankhwala zinachokera ku Chicago ndi St. Louis, asilikali anatumizidwa kukasunga bata, bungwe la Red Cross linakhala kuderalo miyezi yambiri, ndipo wailesi ya WLS ya ku Chicago, imene inakhazikitsidwa chaka chimodzi m'mbuyomo makamaka chifukwa cha alimi, inapempha omvera ake ndalama usana ndi usiku. Kumafamu, chimene chinapulumutsa chaka chimenecho ndi chija ife timachidziwa bwino ndi dzina la dima: alimi a m'madera amene mphepo inawalambalala ankabwera m'magulu kudzatola zinyalala m'minda, kumanganso mipanda ndi kuthandiza kulima, podziwa kuti mutu umodzi susenza denga, makamaka denga limene lagwera m'munda wa eni.

Tibwerere tsopano ku liwu loletsedwa lija, pakuti mlandu wake suyenera kuweruzidwa mothamanga. Kunena zoona, olosera a 1925 analibe makina oonera m'kati mwa mtambo, sakanadziwa kuti mphepo idzadutsa ku Gorham osati kwina, ndipo ngakhale akanalemba liwulo m'nyuzipepala ya m'mawa, mlimi wa ku Hamilton mwina sakanaliwerenga tsiku lomwelo. Zonsezi n'zoona. Komabe taganizani kuti chilombocho chinayenda maola atatu ndi theka m'njira yowongoka, m'dziko lodzala ndi njanji, matelegalamu ndi malamya, ndipo panalibe munthu mmodzi amene ntchito yake inali yakuti, akamva kuti tawuni yakuti yagwa, achenjeze matawuni a kutsogolo kwake. Pamene Murphysboro inkayaka, ana a ku Griffin ndi Princeton anali ndi nthawi yoposa ola lathunthu. Dongosolo lotere kunalibe chifukwa boma limene laopa kutchula chinthu silingakonze njira yochithawira. Ndipo ine ndikuona kuti kulakwa kwakukulu kunali kuyesa anthu wamba ana osakhoza kusenza uthenga woopsa. Makolo athu anaweruza kale nkhani yotere pamene anati wakutsina khutu ndi mnansi.

Chiletsocho chinayamba kufooka mu 1938, koma chimene chinachigwetsa ndi zimene zinachitika kumalo a asilikali a ndege a Tinker m'chigawo cha Oklahoma mu Malichi 1948. Kamvuluvulu atawononga ndege zambiri kumeneko pa 20 Malichi, akatswiri awiri a zanyengo a usilikali, Ernest Fawbush ndi Robert Miller, anaona patapita masiku asanu kuti thambo lakhalanso monga linalili tsiku lija, nalimba mtima kunena kuti wina akubwera. Anthu anabisa ndege nabisala, ndipo madzulo a pa 25 Malichi kamvuluvuluyo anabweradi, koma sanaphe munthu. Mu 1950 olosera a boma analoledwa kutchula liwulo, ndipo mu 1952 anayamba kuchenjeza anthu onse poyera. Owerenga aone okha kuti khutu la boma linatseguka msanga ndege zitawonongeka, pamene manda a ku Egypt anali atakhala kale zaka 23.

Minda nayonso inadzakhala sukulu ya akatswiri. Tetsuya Fujita, Mjapani amene ali mnyamata anakayeza chiwonongeko cha bomba ku Nagasaki ndipo pambuyo pake anaphunzitsa pa yunivesite ya Chicago, ankauluka ndi kandege pamwamba pa minda ya chimanga imene mphepo yadutsamo, nawerenga mizere yozungulira imene mapesi anasiya pansi. M'menemo anazindikira kuti m'kati mwa kamvuluvulu wamkulu mumatha kukhala ana ake ang'onoang'ono othamanga koposa, ndipo ndiwo amachititsa kuti nyumba ina iphwasuke, inzake n'kutsala. Mu 1971 anakonza muyeso wa mphamvu ya mphepozi, kuyambira F0 mpaka F5, umene unakonzedwanso mu 2007, ndipo wa 1925 amamuika pamwamba penipeni. Koma muyesowu umayang'ana makamaka zimene mphepo yachita ku nyumba ndi zomangamanga, kotero kamvuluvulu woopsa amene wadutsa m'minda yokhayokha kawirikawiri amalembedwa ngati wofooka, popeza sanapeze chinthu chimene mabuku amachiwerengera. Ngakhale m'masamu a akatswiri, munda umakhala kumapeto kwa mzere.

Lero makina a radar amaona mtambo ukuyamba kuzungulira, ndipo chenjezo limafika pa wailesi, pa kanema ndi pa foni ya m'manja, kawirikawiri mphindi khumi kapena kuposerapo mphepo isanafike. Imfa zachepa kwambiri ku America poyerekeza ndi masiku a 1925. Koma malipenga ochenjeza amene amalira ndi magetsi ali m'matawuni, ndipo kufamu yakutali samveka. Ndiponso chenjezo limathandiza munthu amene ali ndi kothawira. Usiku wa pa 24 Malichi 2023 kamvuluvulu anagwera Rolling Fork m'chigawo cha Mississippi, katawuni ka anthu osakwana 2,000, ambiri a iwo akuda ndi osauka, pakati pa minda ya thonje, soya ndi chimanga, ndipo pa njira yake yonse anapha anthu 17. Chenjezo linaperekedwa, koma ambiri kumeneko amakhala m'nyumba zopepuka zija zimene zimapangidwa kufakitale n'kukokedwa ndi galimoto, zopanda maziko olimba ndi chipinda cha pansi, zimene mphepo imazigubuduza ngati chitini. Alimi a 1925 anasowa liwu. A masiku ano ambiri liwu ali nalo, chimene akusowa ndi khoma.

Umboni woposa wonse wakuti mphepo imapha molingana ndi umphawi umene yaupeza uli ku Bangladesh, kumene pa 26 Epulo 1989 kamvuluvulu anadutsa m'midzi ya alimi a mpunga ya Daulatpur ndi Saturia m'boma la Manikganj, napha anthu pafupifupi 1,300, chiwerengero chachikulu koposa m'mbiri yonse yolembedwa ya mphepozi. Njira yake inali yaifupi kwambiri poyerekeza ndi ya ku Illinois, koma midzi inali yothithikana ndipo nyumba zinali za nsungwi ndi malata, ndipo lata louluka ndi mpeni. Apa nkhaniyi yatiyandikira, pakuti ndani wa ife sanaonepo denga la sukulu kapena la tchalitchi litatera m'munda wa munthu mvula yoyamba ikamagwa? Ndipo chilombo chenichenicho si chachilendo kuno kummwera kwa Africa: chinapha anthu oposa 20 m'midzi ya ku Mount Ayliff ku South Africa mu Januwale 1999, ndipo mu Juni 2024 chinagwera Tongaat, dera la minda ya nzimbe kumpoto kwa Durban, mzinda umene abale athu ambiri amapezerako chakudya.

Mu Malichi 2025 anthu a ku Egypt wa ku Illinois anakumbukira kuti patha zaka 100 chichitikireni tsokalo, ndipo m'zaka zonsezo sipanaoneke kamvuluvulu wina m'dziko lawo amene anapha anthu ochuluka chotero kapena kuyenda njira yaitali chotero. Murphysboro inamangidwanso, ndipo chaka chilichonse imachita chikondwerero cha maapozi. De Soto, Gorham ndi Griffin nazonso zilipo, ngakhale zili zazing'ono. Parrish yokha siinadzukenso: otsala ake ambiri anasamukira kwina, ndipo pamene panali mudziwo lero pali nyumba zowerengeka pakati pa minda.